GPS ikamangoduka muli m'mwamba, poyambira kufufuza ndi apa

Nkhani ya GPS kumangoduka ndege ili m'mwamba imabwerabwera ndithu pakati pa ife oyendetsa ndege zing'onozing'ono, ndipo nthawi zambiri munthu akamafotokoza amangoti masetilaiti anathawa, basi nkhani yathera pompo. Ine zimenezo ndimakana. Maulendo onse amene GPS yandivutapo, nditakhala pansi n'kufufuza bwinobwino, vuto linali mundege momwemo, pafupi ndi bondo langa, osati kumwamba ayi. Nde ndati ndilembe mmene ndimafufuzira, chifukwa zimandipweteka kuona mnzanga akutaya ndalama kugula chipangizo chatsopano pomwe cholakwika ndi kawaya, komanso chimene chimandiopsa kwambiri n'choti ambiri timangokonzekera GPS yozima, koma GPS yonama sitiiganizira n'komwe.

Choyamba mudziwe kuti sigino ya GPS ndi yofooka zedi. Masetilaiti ake ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amazungulira dziko kawiri pa tsiku, ndipo omwe akugwira ntchito alipo pafupifupi 30. Mmene siginoyo izifika pa eriyo yanu imakhala itatheratu mphamvu, ili pansi pa phokoso la magetsi lomwe limakhalapo kale, risiva imachita kuitola ndi masamu. Zili ngati kumvetsera munthu akunong'ona kutsidya kwa mtsinje wodzadza. Ndiye chilichonse chosokosera pafupi ndi 1575.42 MHz, pomwe sigino yaikulu imadutsa, chimaikwirira mosavuta. Mitambo ndi mvula musaziimbe mlandu, siziitchinga. Kuti chipangizo chidziwe pomwe muli komanso kutalika kwake chimafuna masetilaiti 4, kuti chizindikire chokha kuti imodzi ikupereka zolakwika, zija amati RAIM, chimafuna 5, ndipo kuti chiisiye yolakwikayo n'kupitiriza ntchito chimafuna 6.

Musanakhudze china chilichonse, phunzirani kutsegula tsamba loonetsa masetilaiti, lija lokhala ndi timizere toimirira. Ambiri sitinalitsegulepo chigulireni chipangizo. Tsamba limenelo ndi lomwe limakulozerani kolowera. Timizere tonse tikagwa nthawi imodzi ngati wina wazimitsa getsi, ganizirani phokoso la magetsi, eriyo kapena waya wake. Tikamagwa tochepa pokhapokha mukukhota n'kubwerera mukawongola, china chake chikutchinga thambo. Timizere tikakhala bwinobwino koma malo omwe ikukuonetsani sakugwirizana ndi zomwe maso anu akuona pansi, limenelo ndi vuto lina ndithu, ndilifotokoza mmusimu. Ndipo nthawi iliyonse ikaduka lembani pa pepala, nthawi yanji, munali pati, mafiti angati, munali mutangoyatsa chiyani, mumalankhula pa frequency iti. Mukalemba maulendo atatu kapena anayi mudzaona kuti vuto lomwe mumati limangobwera lokha lili ndi nthawi yake.

Ine chomwe chinandizunza miyezi ingapo chinali tchaja. Katchaja ka USB kotchipa kolowetsa pa soketi ya mundege, kopanda ngakhale dzina. GPS imagwira bwino ponyamuka, pakatha mphindi 20 kapena 30 timizere pansi, kenako yabwerera, kenako pansi. Ndinasinthitsa waya wa eriyo, vuto osatha. Tsiku lina ndikuwerenga zomwe ndinkalemba zija ndinazindikira kuti imaduka nthawi yomwe ndalumikiza tabuleti kuti izitchaja, osati poyamba pomwe batire linali lodzadza. Mkati mwa matchaja amenewa muli kadera kamene kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri pofuna kutsitsa mavoti a ndege kufika pa 5, nde ngati sanakatchinge bwino kamamwaza phokoso paliponse, pena mumalimvanso mu mahedifoni ngati kusiii, kapena squelch ya wailesi, ija yotseka phokoso pakakhala palibe wolankhula, kumangotseguka yokha. Nditakachotsa, vuto linatheratu tsiku lomwelo.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Ikani ndege pabwalo poyera, kutali ndi hangar, injini ikulira, mabuleki atagwira, tsamba la masetilaiti lili lotsegula. Zimitsani zonse zosafunika, dikirani timizere tikhazikike, kenako muziyatsa chimodzichimodzi n'kumadikira mphindi imodzi. Tchaja, kamera yojambula ulendo, magetsi a LED omwe anaikidwa pambuyo pake, ma strobe (magetsi othwanima), transponder (chija choyankha radar), chilichonse. Musayatse ziwiri limodzi chifukwa simudziwa wolakwa. Tchajayo muiyese chipangizo cha batire lotsika chitalumikizidwa, popeza zina zimasokosera pokhapokha zikukoka moto wambiri.

Wailesi ya ndege yanu yomwe ikhozanso kukhala mdani, ndipo apa pali masamu omveka. Mukamalankhula, wailesi siitulutsa frequency yomwe mwasankha yokhayo, imatulutsanso tina tofooka tomwe ndi frequency yomweyo kuchulukitsa kawiri, katatu, mpaka m'tsogolo. Tengani 121.175 muchulukitse ndi 13, mupeza 1575.275. Tengani 131.275 muchulukitse ndi 12, mupeza 1575.3. Zonsezi zagwera pakhomo penipeni pa GPS. N'chifukwa chake akamaika GPS yokhazikika mundege amayesa kulankhula pa 121.150, 121.175, 121.200, 131.250, 131.275 ndi 131.300 akuyang'ana ngati timizere tikugwa. Ngati mwaona kuti imakonda kuduka mukangodina batani lolankhulira, kapena pa bwalo limodzi lokha lomwe frequency yake ili pafupi ndi zimenezi, auzeni ainjiniya ayese zomwezo. Pali kasefa komwe amaika pa waya wa wailesi, pena amangotalikitsa ma eriyo awiriwo. ELT nayo, ija yolira ndege ikagwa, imatha kulandira mphamvu ya wailesi kudzera pa eriyo yake n'kuibweza itasokonekera ngakhale ili yozimitsa, nde akamafufuza asaiiwale. Koma chonde musakakhale mukudina batani nthawi yaitali pa frequency yomwe anzanu akugwiritsa ntchito, konzani kaye ndi oyang'anira bwalo.

Za eriyo zili pawiri. Ngati mumagwiritsa ntchito chipangizo cha m'manja kapena tabuleti, vuto lalikulu ndi kutchingidwa. Ndege ya mapiko apamwamba ngati Cessna 172 ili ndi denga la chitsulo pamutu panu, tabuleti ikakhala pa ntchafu imangoona kachigawo ka thambo kudzera pa mawindo, mukapendeketsa ndege pokhota phiko limatseka komwe kunatsalako. Mankhwala ake ndi karisiva kapadera ka Bluetooth koika kutsogolo pansi pa galasi, monga Garmin GLO kapena Bad Elf, ndipo tambiri mwa timeneti timamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia kuwonjezera pa a GPS. Kungoti musakagundike ndi kampasi, ikani kenako muone ngati kampasi yasuntha. Ngati GPS yanu ndi yokhazikika, eriyo ili pamsana pa ndege, kwerani mukaione ndi maso. Ming'alu yolowa madzi, dzimbiri pa zomangira, cholumikizira cha waya chokhwepa, kapena penti. Inde penti, ndege ikapita kokapentedwa ena amapaka ndi eriyo yomwe pomwe pamakhala polembedwa kuti osapenta. Chinanso chomwe ambiri sadziwa, mkati mwa eriyoyo muli kokweza sigino, kakayamba kufa kamatha kusanduka kowulutsa phokoso n'kugwetsa GPS iliyonse mundegemo, tabuleti ndi foni zomwe. Ndiye ngati zonse zikufa limodzi, muli pansi zimitsani GPS yokhazikikayo muone ngati tabuleti ikutsitsimuka. Ikatsitsimuka, mwamupeza.

Pa matabuleti pali tizinthu tomwe timagwetsa anthu mobwerezabwereza. iPad ya Wi-Fi yokha ilibe GPS mkati, yomwe ili nayo ndi ija yotha kulowa netiweki ya foni, olo musaikemo SIM. Ya Wi-Fi ija pansi imaoneka ngati ikudziwa malo chifukwa imangoyerekeza kuchokera ku ma Wi-Fi ozungulira, mukangonyamuka kadontho kaima. Kutentha ndi kwina. Apple imanena kuti iPad izigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35, nde taganizani ili mu chikwama chakuda, dzuwa likuiwomba kudzera pa galasi, sikirini yowala mpaka kumapeto, ikutchajanso. Imangolemba uthenga wa kutentha n'kuzima, ndipo nthawi zambiri zimachitika pomwe mukuifuna kwambiri. Ichotseni mu chikwama, musaisiye pa dashibodi pomwe mukuyendera ndege musananyamuke, ilozetseni kamphepo ka pa venti. Onaninso kuti mapu munawatsitsiratu mu chipangizo musanachoke, kuti pulogalamu ngati ForeFlight, SkyDemon kapena Garmin Pilot ili ndi chilolezo choona malo, komanso kuti ikuwerengadi karisiva kakunja kaja osati ka mkati.

Ikamachedwa kugwira poyatsa musathamangire kuti yafa. Chipangizo chomwe chakhala miyezi osayatsidwa, kapena chanyamulidwa ulendo wautali chili chozima, chimayenera kutsitsa kaye ndandanda ya komwe masetilaiti ali, ndipo uthenga wonsewo umatenga mphindi 12 ndi theka. Chisiyeni panja poyera osachisuntha. Zikamachitika tsiku lililonse ndiye kuti kabatire ka mkati kosunga nthawi katha, kasinthidwe. Zipangizo zakale kwambiri zina zinasokonekera deti pa 6 April 2019 pomwe kawerengedwe ka masabata a GPS kanafika pa 1,024 n'kuyambiranso pa ziro, nde mukaona chaka chachilendo pa sikirini fufuzani ngati pali software yatsopano.

Tsopano ku GPS yonama, komwe ndikufuna mukhalitsepo. Yozima imakuuzani yokha kuti ndazima, mumadziwa kuti muli nokha. Yonama imakujambulirani mzere wokongola womwewo, inu n'kumautsata ndi mtima wonse. Ndipo kawirikawiri si chipangizo chanama, ndi zomwe tachipatsa.

Database ya zaulendo wa ndege imasintha masiku 28 aliwonse, dziko lonse lapansi tsiku limodzi. Yanu ikakhala ya chaka chatha, malire a airspace (zigawo za mlengalenga zokhala ndi malamulo ake), ma frequency, ngakhale manambala a runway akhoza kukhala atasintha, inu n'kulowa malo oletsedwa mukukhulupirira kuti muli kunja. Yang'anani deti pa sikirini yoyamba ija timangoidina mothamanga. Kenako ma waypoint, malo omwe mumalowetsa kuti GPS ikulondolereni. Zilembo zofanana zimapezeka m'maiko osiyana, makamaka ma NDB, zida za wailesi za pansi zolondolera ndege, a chilembo chimodzi kapena ziwiri. Pa 20 December 1995 ndege ya American Airlines, Boeing 757, inagunda phiri ikupita kukatera ku Cali m'dziko la Colombia, ndipo chimodzi mwa zomwe zinachititsa n'choti oyendetsa analemba R akufuna NDB ya Rozo, kompyuta n'kusankha Romeo ya kufupi ndi Bogotá, ndege n'kukhotera kumapiri usiku. Sinali GPS ya ndege yaing'ono, koma dzanja lomwe limadina Direct-To, batani lolunjika pa waypoint, kenako Enter Enter osawerenga ndi lomweli lathuli. Musanavomereze onani zinthu ziwiri, mtunda ndi mbali. Ngati pa pulani yanu munalemba mamailosi 60 cha kumpoto koma sikirini ikuti 340 cha kum'mawa, imani kaye.

Manambala a malo olowetsa pamanja ndiye msampha weniweni, makamaka kwa omwe timatera pa timabwalo tomwe mulibe mu database. Munthu akutumizirani 13.45, inu n'kulowetsa ngati madigiri 13 mphindi 45. Koma madigiri 13.45 ndi madigiri 13 mphindi 27, kusiyana kwake mphindi 18, ndipo mphindi imodzi ya latitude ndi nautical mile imodzi. Mwaphonya ndi mamailosi 18, bwalo simuliona n'komwe, mafuta akutha. Funsani amene wakupatsaniyo kuti ndi kalembedwe kati, onani kuti chipangizo chili pa WGS 84, muyezo wa malo womwe GPS imagwiritsa ntchito, musasinthanitse N ndi S kapena E ndi W, ndipo mukalowetsa yang'anani kadonthoko pa mapu ngati kagwera pomwe pali pomveka.

Omwe muli ndi GPS yokhazikika ngati GNS 430, GTN 650 ndi zina zotere, batani la CDI lija, losankha chomwe singano yolondolera njira ikumvera, muziliyang'ana kawiri. Singano ikhoza kukhala ikumvera VLOC, kutanthauza zida za wailesi za pansi, inu mukuganiza kuti ikumvera GPS. Kutalika komwe GPS imaonetsa nakonso si komwe mumauluka nako. Ndege zimapatukana pogwiritsa ntchito altimeter ya mpweya yoikidwa muyezo woyenera wa mphamvu ya mpweya, ndipo ziwirizi zimatha kusiyana ndi mafiti mazana angapo makamaka kukatentha kapena kukazizira kwambiri, sikuti china chawonongeka. Liwiro la pa GPS ndi la pansi, phiko silidziwa zimenezo, limadziwa mpweya wokha. Mukamatera mphepo ili kumbuyo nambala ya GPS imaoneka yaikulu pomwe ndege ili pafupi kuchita stall, phiko kusiya kunyamula ndege, nde maso pa airspeed, liwiro la mumpweya.

Zochokera kunja ziliko ndithu, sindikukana. Jamming ndi pomwe wina akuwulutsa phokoso kuti GPS isamveke, spoofing ndi pomwe akuwulutsa sigino yabodza kuti risiva ikhulupirire kuti ili kwina. Kuyambira 2022 zakula kwambiri cha ku nyanja ya Baltic, ku Black Sea, kum'mawa kwa Mediterranean ndi ku Middle East, moti mu 2024 Finnair inaimitsa maulendo opita ku Tartu m'dziko la Estonia kwa mwezi wathunthu chifukwa bwalolo linkadalira GPS pothandiza ndege kutera. Sizichitika kokhala nkhondo kokha. Ku Newark m'dziko la America dalaivala wina anali ndi kajamming kolowetsa pa soketi ya galimoto pofuna kuti abwana ake asamaone komwe ali, kanasokoneza zida za pa bwalo la ndege, ndipo mu 2013 FCC, bungwe loyang'anira za mawailesi ku America, inalengeza kuti ikufuna kumulipiritsa madola pafupifupi 32,000. Asilikali nawo amachita mayeso awo, ndipo zimenezo zimalengezedwa mu NOTAM, zidziwitso za oyendetsa ndege, nde muziwerenga mpaka kumapeto. Dzuwa likalusa, ngati mmene zinalili pa 10 ndi 11 May 2024, limavundula mlengalenga momwe sigino imadutsa ndipo malo amatha kusuntha. Zothandizira ngati WAAS ku America, EGNOS ku Ulaya ndi GAGAN ku India zimakonza zina mwa zolakwikazi n'kuchenjeza msanga, koma zimagwira m'madera ake okha, musaganize kuti poti chipangizo chalembedwa WAAS ndiye kuti mukutetezedwa kulikonse.

Spoofing mumaizindikira ndi zinthu zosamveka. Wotchi ya pa GPS kudumpha, liwiro la pansi kuonetsa nambala yomwe ndege yanu singafike, kandege ka pa mapu kulumphira kwina, chenjezo la phiri kulira muli pamwamba pa chigwa. Apa ndi pomwe mfundo yoti ndili ndi GPS ziwiri, yokhazikika ndi tabuleti, imagwa. Zonse zikumwa pa chitsime chimodzi, zinamizidwa limodzi ndipo zigwirizana bwinobwino pa bodzalo. Kumbukiraninso kuti ADS-B youlutsa pomwe ndege yanu ili, chenjezo la mapiri, autopilot ikakhala pa NAV potsata mzere wa GPS, zonsezi zimadya kuchokera ku GPS yomweyo. Zipangizo zina zikanamizidwa sizibwerera msanga olo mutatuluka m'deralo, mpaka muzizimitse n'kuyatsanso.

Nanga ikaduka muli m'mwamba mutani? Ulutsani ndege kaye. Ndaonapo anthu mutu uli pansi mphindi zitatu akulimbana ndi mabatani, ndege ikupendekeka yokha, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa kusowa GPS. Gwirani heading, mbali yomwe ndege yaloza pa kampasi, yomwe munali nayo, musayambe kukhotakhota, lembani nthawi. Autopilot ichotseni pa NAV muike pa HDG kuti izingogwira heading. Ngati mumalemba nthawi pa malo aliwonse odziwika omwe mwadutsa, ndiye kuti mukudziwa kale pomwe muli, ndege yoyenda ma knot 90 imadya mailosi imodzi ndi theka pa mphindi, mphindi 10 ndi mamailosi 15 kutsogolo kwa pomwe munalemba komaliza. Kuchoka pa mzere ndi digiri imodzi kwa mamailosi 60 kumakutayani mailosi imodzi yokha, nde heading yogwiridwa bwino siikusocheretsani msanga. Tengani mapu, yambani ndi wotchi, kenako mapu, kenako pansi, muzifuna zinthu zikuluzikulu ngati nyanja, msewu waukulu, njanji, phiri, osati kukakamiza kamudzi kalikonse kuti kafanane ndi komwe mukufuna. Ngati pali VOR (chida cha wailesi cha pansi choonetsa mbali) kapena DME (choonetsa mtunda) pafupi itcherani ndipo mumvetsere chizindikiro chake. Kukwera pang'ono, ngati mitambo ndi airspace zikulola, kumathandiza maso ndi wailesi yomwe. Auzeni a ATC, olondolera ndege pa wailesi, msanga kuti GPS yatayika, musachite manyazi, omwe ali ndi radar akupatsani heading, komanso lipoti lanu limathandiza ndege ina yomwe ikubwera kumbuyo. Ngati palibe akuyankha ndipo mwasocheradi, 121.5, frequency ya pangozi, ilipo, ndipo bola kutera pa bwalo lomwe mukuliona mafuta akadalipo.

Zimenezi sizibwera zokha tsiku la vuto ngati simunaziyesere. Ine pa maulendo ena kunja kukakhala bwino ndimaphimba sikirini ndi pepala kwa mwendo umodzi wa ulendo, n'kuyenda ndi kampasi, wotchi ndi mapu basi, ndikafika ndimavundukula kuti ndione ndaphonya ndi zingati. Chitani zimenezi muli ndi mnzanu kapena mlangizi woti aziyang'ana kunja ndi malire a airspace. Muonetsetsenso kuti kampasi yanu ndi yolondola ndipo kakhadi kake ka deviation, koonetsa mmene kampasi imaphonyera, si ka zaka khumi zapitazo, chifukwa ndi yomwe idzakutengeni tsiku limenelo.

Mukatera, pepala lija munalembapo mupite nalo kwa ainjiniya, ndi chithunzi cha tsamba la masetilaiti ngati munatha kujambula bwinobwino, komanso uthenga weniweni womwe chipangizo chinalemba, liwu ndi liwu, chifukwa kutayika kwa RAIM ndi kutayika kwa malo ndi matenda awiri osiyana. Zokhudza mawaya, eriyo ndi chilichonse chomangidwa mundege asiyireni iwo omwe ali ndi chilolezo. Akakonza, kaulukeni tsiku lowala pa dera lomwe mukulidziwa, muyatse zonse zomwe mumayatsa pa ulendo weniweni, mukhote mbali zonse ziwiri mpaka madigiri 30, mulankhule pa wailesi, mnzanu akuyang'ana timizere tija. Tikagwanso, lembani chomwe munali mutangochita n'kubwerera nacho.